Za Boma ndi Kusowa kwa Madotolo m'Dziko Lathu

Nkhani imene tifuna kukamba nanu mwezi uno si yacilendo kwa wina ali yense wa inu. Imveka pa maliro, imveka pa citsime, imvekanso pa bwalo la mfumu. Wina ati ananyamuka kwao tambala woyamba atangolira, nafika ku cipatala dzuwa litakwera, napeza mzere wa odwala wozinga nyumba yonse, ndi munthu mmodzi yekha wakuwaona onsewo. Wina ati anamlembera mankhwala m'kabuku, koma pa zenera anamuuza kuti akagule ku sitolo. Wina ati mbale wace anagona milungu itatu pa cipatala cacikuru kulindira dotolo wa mafupa. Ndipo madandaulo onsewa atsirizira pa funso limodzi, lakuti, Kodi madotolo ali kuti?

Pa funso limeneli anthu agawikana pawiri. Ena ati Boma lalowerera kwambiri m'nchito ya kuciritsa, ndipo ciri conse cimene Boma ligwira cifota. Likadaleka nchitoyi m'manja mwa Misyoni ndi mwa eni zipatala zolipira, zinthu zikadayenda bwino. Ena ati iai, Boma ndilo atate ndi amai, ife tingokhala cete ndi kulindira, pakuti dziko lathu ndi losauka, ndipo madotolo sangacuruke. Ife sitibvomerezana ndi awa kapena ndi awo. Cimene tiona ndi ici: masiku ano dziko lathu silisowa anyamata ndi asungwana okhoza kuphunzira udotolo, ndipo silisowa sukulu yowaphunzitsa, cimene cisowa ndico khomo lolowera ku nchito. Khomo limenelo Boma laligwira lokha, ndipo lilitsegula pang'ono pang'ono, mocedwa, ndi mosayang'ana kumene kuli odwala ambiri. Umenewu ndiwo mlandu wathu, ndipo tifuna kuuyala pamaso panu mwacilungamo.

Khomo Linayamba Kutsekeka Kale

Kuti timvetse bwino, tiyambe tabwerera m'mbuyo. Mankhwala a Cizungu anafika m'dziko lino ndi Misyoni, si ndi Boma ai. Dr. Robert Laws anafika ku nyanja m'caka ca 1875, ndipo m'caka cotsatira, ali ku Cape Maclear, anang'amba munthu atamgoneka tulo ndi mankhwala, cinthu cimene makolo athu anali asanacione. Cipatala ca David Gordon ku Livingstonia cinatsegulidwa m'caka ca 1911, ndi ca ku Nkhoma m'caka ca 1915. Posacedwa a Misyoni anazindikira kuti madotolo ocokera ku Ulaya sadzakwanira, nayamba kuphunzitsa anthu akuda nchito ya cipatala. Mmodzi wa oyambawo ndiye John Gray Kufa wa ku Misyoni ya Blantyre. Boma la atsamunda linali nao madotolo ace owerengeka, koma nchito yao yoyamba inali kusamala Azungu a Boma ndi asilikari. Munthu wa ku mudzi anali wa pambuyo.

Nanga pamene ana a dziko lino anayamba kuphunzira udotolo weni weni, cinacitika nciani? Daniel Sharpe Malekebu, mwana wa ku Chiradzulu, anaoloka nyanja kunka ku America, natsiriza maphunziro ace pa sukulu ya Meharry m'caka ca 1917. M'caka ca 1921 anafuna kubwera kwao kudzaciritsa abale ace, koma Boma linamkaniza kulowa, pakuti anali wophunzira wa pa Misyoni ya John Chilembwe, ndipo mantha a nkhondo ya 1915 anali asanathe m'mitima ya olamulira. Anakakhala ku Liberia, kufikira anamlola kubwera m'caka ca 1926. Zaka 5 zimenezo odwala a kuno anamanidwa dotolo amene anali wao, wokonzeka, ndi wofuna kuwatumikira.

Waciwiri ndiye Hastings Kamuzu Banda, amene anatsiriza pa Meharry pomwepo m'caka ca 1937, naonjeza maphunziro ku Edinburgh kufikira 1941. Iyenso anafuna kudzagwira nchito kwao. Olemba mbiri yace atiuza kuti anamwino acizungu a ku Livingstonia anakana kugwira nchito pansi pa dotolo wakuda, ndi kuti Boma linafuna kumlemba pokha pokha akabvomera kusayesedwa wolingana ndi madotolo acizungu. Pa mlandu umenewu Misyoni nayonso siituruka yoyera. Potero iye anaciritsa anthu a ku Liverpool, a ku North Shields, a ku London ndi a ku Ghana. Ndipo pamene anabwera m'caka ca 1958, anadzera ndale, si cipatala ai.

Taonani tsono: madotolo awiri oyamba a mtundu wathu, onse awiri anafika pa khomo napeza lotseka. Cotsekera ca masiku amenewo cinali mantha ndi tsankho la khungu. Zimenezo zinapita ndi ufulu wa 1964. Koma khomo, monga tidzaona, silinatseguke kwatunthu. Cangosintha ndi cotsekera.

Zokoma Zimene Boma Lathu Lacita

Sitifuna kukhala ngati munthu woona cipsera cokha pa nkhope ya mnzace. Pamene Boma lathu linalandira dziko m'caka ca 1964, anthu anali ngati 4 miliyoni. Pa kalembera wa 2018 anapezeka 17.5 miliyoni, ndipo lero apitirira 20 miliyoni. Kusamala khamu lotere si masewera. Boma linasunga mwambo wakuti pa cipatala cace wodwala salipira, ndipo mwambo umenewu wapulumutsa amphawi osawerengeka. Poona kuti madotolo ali ocepa, m'caka ca 1976 linayamba kuphunzitsa ma clinical officer, amene ife a ku midzi tingowaitana kuti adotolo. Iwo aphunzira zaka 3, naonjeza caka cimodzi ca kuzolowera nchito. M'caka ca 1991 linatsegula sukulu ya madotolo ku Blantyre, imene ciyambire 2021 iri mbali ya Kamuzu University of Health Sciences. Linatumizanso alangizi a za umoyo m'midzi, amene ayesa ana pa sikelo ndi kuwabaya katemera.

Zipatso zace zioneka m'ciwerengero. M'caka ca 1992, mwa ana 1,000 obadwa amoyo, 234 anali kufa asanakwane zaka 5. Pofika 2016 anatsika kufika 63. M'caka ca 2004, pa ana 100,000 obadwa, amai 984 anali kutaya moyo cifukwa ca pakati kapena pobala. Pofika 2016 anatsika kufika 439. Mankhwala otalikitsa moyo wa odwala Edzi anayamba kuperekedwa mwaulere m'caka ca 2004, ndipo ambiri amene tikadawaika kale m'manda alikulima minda yao lero. Cifukwa cace amene ati Boma silinacite kanthu sanena zoona.

Koma cimene citiphunzitsa koposa ndi ca m'caka comweco ca 2004. Pa nthawi imeneyo Edzi inali itadzaza zipatala, nipha ndi anchito a m'cipatala omwe, ndipo anamwino ambiri anali kuoloka nyanja kunka ku Britain kutsata malipiro. Powerenga anapeza kuti m'zipatala za Boma ndi za Misyoni munali madotolo 43 okha, osamala anthu ngati 12 miliyoni, ndipo maboma ena analibe dotolo ndi mmodzi yemwe. Pamenepo Boma, mothandizidwa ndi ndarama za Britain ndi za Global Fund, linacita zinthu zitatu: linaonjeza malipiro a anchito a cipatala ndi 52 pa 100, linakuza sukulu zowaphunzitsa, ndipo linaitana madotolo a maiko ena kudzagwirira kwa kanthawi. Pofika 2009 madotolo anakwana 265, ndi anchito a cipatala anacuruka kucokera 5,453 kufika 8,369. Apa tiphunzira kuti nthenda ya kusowa madotolo iri nao mankhwala, ndipo mankhwalawo adziwika: phunzitsani munthu, mlembeni nchito, mlipireni mokwanira, ndipo adzakhala. Tiphunziranso cina, cakuti khasu limene tinalimira munda umenewo linali lobwereka. Ndipo akuru anati khasu lobwereka silikhalira kuthyoka.

Zonse m'Dzanja Limodzi

Tsono tiyeni titsate ulendo wa mwana amene afuna kukhala dotolo lero, tione pamene Boma liima. Sukulu yaikuru yophunzitsa madotolo ndi ya Boma, ndipo gawo lalikuru la ndarama zomphunzitsa licokera ku msonkho. Atatsiriza zaka 5 za udotolo, saloledwa kuciritsa pa yekha kufikira atagwira miyezi 18 pansi pa madotolo akuru, ndipo wopereka malo ocitira zimenezi ndi Boma. Atatha apo, womlemba nchito wamkuru ndi Boma. Womuuza kumene akakhale ndi Boma. Womlipira ndi Boma. Ndipo mankhwala amene adzalembera odwala agulidwa ndi Boma. Unyolo uwu uli ndi mphete zambiri, koma zonse ziri m'dzanja limodzi. Dzanja limenelo likacita dzanzi pa mphete imodzi yokha, mwana amene waphunzira zaka zonsezi angokhala pakhomo pa amace, ndipo wodwala angokhala pa mzere.

Wina angati, Nanga si ziripo zipatala za Misyoni? Ziripo ndithu. Mipingo inazisonkhanitsa m'bungwe limodzi m'caka ca 1966, limene lero dzina lace ndi CHAM. Ziposa 170, zambiri ziri ku midzi kumene Boma silinamange, ndipo zisenza pafupi gawo limodzi mwa magawo 3 a nchito yonse ya kuciritsa m'dziko lino. Koma nazonso tsopano zitsamira pa mzati womwewo. Mwa pangano la m'caka ca 2002, malipiro a anchito ao acokera ku Boma. Ndipo ciyambire 2006 pali mapangano ena akuti amai oyembekezera ndi makanda athandizidwe mwaulere pa cipatala ca Misyoni, Boma nilibweza ndarama pambuyo pace. Mapangano awa ndi abwino, ndipo apulumutsa amai ambiri. Koma kawiri kawiri Boma lacedwa kubweza, miyezi ndi miyezi, kufikira zipatala zina zinayambanso kulipiritsa. Ndipo cipatala ca Misyoni sicingaonjeze namwino pa malipiro amenewo popanda cilolezo ca ku likuru. Kale panali nkhokwe ziwiri, kuti ina ikapsa tidye ya inzace. Lero nkhokwe ziri ziwiri ndithu, koma zifoleredwa ndi denga limodzi.

Cimene cicitika mzati ukagwedezeka tinaciona ndi maso athu. M'caka ca 2013 kunaululika kuba kwa ndarama za Boma ku Capital Hill, kumene anthu anakupatsa dzina lakuti Cashgate. Ndipo owerengera cuma anapeza kuti m'miyezi 6 yokha munatayika ndarama zoposa K13 biliyoni. Maiko othandiza, amene anali kupereka pafupi 40 pa 100 ya ndarama zoyendetsera dziko, analeka kuika ndarama zao m'thumba la Boma. Thumba litaphwa, ndi obwereketsa a IMF atalangiza kuti malipiro asakule, Boma linacepetsa kulemba anchito. Ndipo m'caka ca 2015 madotolo 51 amene anali atangotsiriza sukulu anauzidwa kuti palibe ndarama zowalembera nchito, pamodzi ndi anamwino mazana. Anzao a nchito anapfuula kolimba. Koma pamene mlandu unali kukambidwa, ena anataya mtima, nafuna nchito ku maiko ena, monga ku Lesotho. Taganizani, abale: madotolo 51 amenewa aposa onse aja 43 a m'caka ca 2004. Amene anaba ndarama sanaone nkhope za odwala, koma amene analipira mlandu wao ndiwo odwalawo.

Ici sicinali ca caka cimodzi cokha. M'caka ca 2020, pofika mliri wa Covid-19, madotolo ndi anamwino anakhala pansi osagwira nchito, kudandaula za kucepa kwao ndi kusowa kwa zodzitetezera. Ndipo Boma linalengeza kuti lidzalemba anchito a cipatala 2,000. Tifunse: anthu amenewa anacokera kuti mwadzidzidzi? Sanagwe ndi mvula ai. Analipo kale, ophunzira, makalata ao ali m'bokosi, alikulindira pakhomo pamene odwala anali kulindira pa mzere. Kuphunzitsa munthu ndi msonkho wa mlimi wa fodya ndi wa mtedza, ndi kumleka pakhomo atatsiriza, kuli ngati kulima munda, kupalira, kubandira, ndi kuleka cimanga ciolere m'munda pa nthawi yokolola. Mnansi akadzacitola, sitingamuyese mbala.

Odwala ku Midzi, Madotolo ku Mizinda

Bvuto lina ndi la kagawidwe. Pa kalembera wa 2018, anthu 84 mwa 100 anapezeka akukhala ku midzi. Koma madotolo ambiri, makamaka odziwa nthenda zapadera, ali m'zipatala zazikuru za ku Blantyre, Lilongwe, Zomba ndi Mzuzu. Pa cipatala ca pa boma mupeza madotolo owerengeka ndi zala, ndipo kawiri kawiri wamkuru wao ndiye woyang'anira za umoyo m'boma lonse, wotanganidwa ndi misonkhano ndi makalata. Ena acoka pa kama wa wodwala kunka ku maofesi a mabungwe olipira bwino. Tisawaweruze msanga: m'mwezi wa November 2023 Kwacha inacepetsedwa mphamvu ndi 44 pa 100, ndipo malipiro a dotolo anafota usiku umodzi monga a wina ali yense. Katundu wa ku midzi tsono asenzedwa ndi ma clinical officer, othandiza ao, ndi anamwino. Kafukufuku wofalitsidwa m'caka ca 2007 anapeza kuti m'zipatala za pa maboma, mwa amai 10 obala mwa opareshoni, 9 anang'ambidwa ndi ma clinical officer, ndipo anacira monga momwe anacirira ong'ambidwa ndi madotolo. Anthu awa ndiwo asenza denga la zipatala zathu, koma ulemu ndi malipiro ao sizilingana ndi katundu wao.

Pali cina cimene tifuna kucinena poyera. M'caka ca 2007 Boma linaletsa azamba a ku midzi kubereketsa amai, ndipo mafumu ambiri anaika cindapusa ca mbuzi kapena ca nkhuku kwa mkazi wobalira pakhomo. Ciletsoco cinafewetsedwa m'caka ca 2010, koma anthu anamvera ndithu: pofika 2016, amai 9 mwa 10 anali kubalira ku cipatala. Tanyamula amai pa njinga ndi pa ngolo, tawaperekeza ku cidikiro ndi ufa ndi nkhuni zao. Tsono woitana alendo ndiye ayenera kuphika nsima. Amene alamula mkazi kuti akabalire ku cipatala wadzimanga yekha kuti mkaziyo akapeze mzamba ali maso, nyali ikuyaka, ndi galimoto iri ndi mafuta. Kulipiritsa mbuzi wobalira pakhomo, pamene wobalira ku cipatala apeza namwino mmodzi wogwira usana ndi usiku, si cilungamo ai.

Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, umene unagwira anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700, unatikumbutsa za comweci. Wodwala kolera safuna dotolo womveka wa ku mzinda. Afuna munthu wodziwa kuika madzi m'mtsempha, amene ali pafupi tsiku lomwelo. Pa nthenda zotere, mtunda wa pakati pa mudzi ndi namwino ndiwo uweruza za moyo ndi imfa.

Kodi Tsono Boma Licoke?

Nanga ali ndi coonadi amene ati Boma licoke m'nchito ya kuciritsa? Ife titi iai. Cipatala ca malonda cimangidwa kumene kuli ndarama, ndipo ndarama ziri ku mizinda. Palibe wamalonda adzamanga cipatala ku mapiri a Neno kapena ku madambo a Nsanje kuti akalandire nkhuku ndi mbatata. Ku Neno komweko anthu ophunzira anawerenga odwala m'zipatala zazing'ono kwa zaka zingapo, napeza kuti pamene cipatala cinayamba kulipiritsa, odwala obwera anacepa koposa theka. Ndi pamene cinaleka kulipiritsa, anacuruka koposa katatu. Otsala aja sanacire ai; anangodwalira m'nyumba. Mlimi apeza ndarama kamodzi pa caka, atagulitsa mbeu zace; koma malungo afika m'miyezi ya mvula, pamene nkhokwe ndi thumba ziri zopanda kanthu. Cifukwa cace Boma likacoka, woyamba kufa ndi mmphawi. Colakwa ca Boma si kugwira nchitoyi ai. Colakwa cace ndi kugwira zonse, kulonjeza zonse, ndi kusayankha kwa munthu pamene lalephera.

Ndipo nthawi ya kuzengereza yatha. Kwa zaka zambiri ndarama zoposa theka za nchito ya umoyo m'dziko lino zakhala zikucokera ku maiko a kunja. M'mwezi wa January 2025 Boma la America linaimitsa thandizo lace mwadzidzidzi, ndipo m'caka comweco linatseka bungwe lace la USAID. Anchito ambiri a za umoyo amene anali kulipidwa ndi ndarama zimenezo anabwerera pakhomo. Mwini khasu wadzatenga khasu lace. Tsono m'caka ca 2001, ku Abuja, atsogoleri a maiko a Africa analonjeza kuti pa ndarama 100 ziri zonse za Boma, 15 zidzanka ku umoyo. Koma dziko lathu zaka zambiri silifikapo.

Zimene Tipempha

Potero, ndi ulemu wonse woyenera olamulira, tipempha zinthu izi.

Coyamba, Boma liwerenge lisanaphunzitse, ndipo litaphunzitsa lilembe nchito. Mwana ali yense wolowa sukulu ya udotolo kapena ya unamwino ndi ndarama za msonkho apeze malo omlindira. Ndipo caka ndi caka Boma liuze anthu poyera, m'cinenero cao, ciwerengero ca otsiriza, ca olembedwa, ndi ca malo opanda munthu m'boma liri lonse.

Caciwiri, lonjezo la ku Abuja likwaniritsidwe. Ndipo wakuba ndarama kapena mankhwala a cipatala aweruzidwe msanga, angakhale ali wamkuru, pakuti wakuba mankhwala waba moyo.

Cacitatu, wotumizidwa ku mudzi apeze nyumba yosadontha, madzi, nyali, ndi kanthu koonjeza pa malipiro ace. Ndipo asaiwalike kumeneko, koma akhale woyamba kukumbukika pa maphunziro apamwamba. Kutumizako kucitike mopanda tsankho, osati mwana wa mmphawi ku thengo ndi mwana wa bwana ku mzinda.

Cacinai, Boma limasule dzanja. Lamulo la maboma ang'ono la 1998 linalonjeza kuti za pa boma ziziweruzidwa pa boma pomwepo. Makhonsolo ndi zipatala za Misyoni zilandire ndarama zao pa nthawi yace, pamodzi ndi mphamvu ya kulemba anchito amene zisowa. Mutu umodzi susenza denga.

Cacisanu, ma clinical officer ndi anamwino, amene akhala nafe m'midzi zaka zonsezi, apatsidwe njira yotakata yoonjezera maphunziro ndi yokwerera pa nchito, kuti munthu asakalambe pa mpando umene anayambira ali mnyamata.

Kwa ana athu madotolo tinena mau amodzi okha. Tidziwa kuti mubvutika, ndipo sitikana kuti wanchito ayenera malipiro ace. Koma kumbukirani amene anakuphunzitsani. Si nduna kapena phungu. Ndi mkazi wogulitsa tomato pa msika, ndi mlimi wolipira msonkho pa sopo ndi pa mafuta, amene mwina sanaonepo dotolo ndi kale lomwe. Musananke kwina, mumpatse zaka zingapo za nchito yanu.

Ndipo ife eni midzi tisayese kuti mlandu uwu sutikhudza. Pa cipatala pali komiti ya anthu a m'midzi yoyang'anira za pamenepo. Tisankhemo anthu oopa kunama, odziwa kuwerenga mabokosi a mankhwala pofika. Tisagule pa msika mankhwala amene tidziwa kuti aturuka m'cipatala, pakuti wogula ndiye alimbitsa wakuba. Tisatukwane namwino mmodzi amene tampeza atatopa, ngati iye ndiye anathamangitsa anzace. Kumene kusowa nyumba ya mzamba, tiumbe njerwa monga makolo athu anaumbira za sukulu. Tikumbe zimbudzi, tigone m'masikito, timwe madzi osamalika, kuti mzere wa pa cipatala ufupike. Akuru a mipingo, amene ali eni a zipatala za Misyoni, asaope kukumbutsa Boma za ngongole zace. Ndipo pamene ofuna uphungu afika ndi nsalu ndi mcere, tiwafunse mafunso atatu: Pa cipatala cathu payenera kukhala anchito angati? Alipo angati? Otsalawo adzafika liti? Safunsa anadya phula.

Malekebu analindira zaka 5 kunja kwa dziko lace cifukwa olamulira anali alendo, ndipo makolo athu analibe mau pa mlandu wace. Lero olamulira ndi ana athu, osankhidwa ndi ife tomwe, odya msonkho wathu. Ngati dotolo alindirabe kunja kwa khomo, ndi wodwala alindira m'kati, mlandu suli wa alendo ai. Uli pakati pathu, ndipo ndife oyenera kuukamba kufikira khomo litatseguka.